Zimene Che Jafali Ankathira M'sefuliya

Che Jafali, aja ali ndi kagolosale kuseri kwa msika wa pa Boma ku Mangochi, anandigulitsitsa mafuta owononga khungu la makanda. Zitavuta, anauza abale anga kuti wosakaniza ndinali ine.

Ntchito ya kwa Che Jafali ndinaipezera pa njinga. Sukulu ndinasiyira sitandade sikisi nditakankhana ndi aphunzitsi, ndiye ndinkangopalasa kabaza wa eni ake. Tsiku lina nditawanyamula Che Jafali ndi ndowa zawo, anandiyang'ana miyendo n'kunena kuti, "Iwe mphamvu uli nazo. Mawa ubwere."

Tinkapanga mafuta opaka ana. Iwo ankaoda ndowa zikuluzikulu za mafuta oundana aja osanunkhira. Ine ndinkakoleza mbaula, kutapira mafutawo m'sefuliya, kuvundula ndi mthiko mpaka asungunuke, kenako kudontheza perefyumu. Akayamba kuzizira ndinkathira m'timabotolo totsuka n'kumatapo pepala la chithunzi cha khanda loyera ngati mzungu, likuseka. Pa pepalapo panalibe mawu onena kuti mkatimo muli chiyani. Loweruka ndinkapalasa mpaka ku Nkope, nthawi zina kukwera lole ya ku Makanjira, kukagulitsa kwa amayi obwera kusikelo.

Ankayenda malonda mafuta aja. Mukudziwa kuti mwana amabadwa woyera, kenako amayamba kuda. Amayi ambiri zimawawawa zimenezo. Ndiye mbiri inamveka kuti wopakidwa mafuta a Che Jafali amakhalabe ngati mmene anatulukira m'chikuta.

Koma zinthu ziwiri sizinkandikhala bwino. Mafuta akangosungunuka, bwana ankapeza pondituma. "Kagule makala." Makala alipo thumba lathunthu. "Kaone ngati lole yafika." Pobwera ndinkapeza chitseko chotseka, mafuta asintha mtundu, akuoneka ngati mkaka. Chinanso, akazi awo anali ndi khanda, ndipo ankabwera ndi kapu kudzatapa m'ndowa tisanaphike. Za m'botolo sanatengepo.

Ndinafunsa kamodzi. Anati, "Wophika sauza mlendo zonse zimene wathira m'ndiwo. Ukufuna utsegule yako fakitale?" Ndinapitiriza ntchito yanga.

Achemwali anga a Asiyatu, amene anakwatiwa ku Nkope, atabereka mwana wamwamuna, ine monga mjomba, malume ake a mwanayo, sindikanapita chimanjamanja pa tsiku lomumeta tsitsi. Ndinasankha botolo lalikulu. Anasangalala, ankamupaka m'mawa ndi madzulo akamusambitsa.

Nditapitakonso ndinapeza mwana akulira mosalekeza. M'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche munali mofiira, khungu likusupuka, tiziphuphu tili waa pamsana. Masaya anali oyera mbuu, timitsempha tikuonekera. Tinathamangira naye kuchipatala, botolo lili m'thumba mwanga. Anamwino analitembenuza uku ndi uku.

"Muli chiyani umu?"

Achemwali anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ogulitsa ndinu, koma simukudziwa?" anatero anamwinowo. "Khungu la khanda ndi lopyapyala, limamwa chilichonse. Mafuta osalembedwa zimene athiramo musamupake mwana. Asiyeni lero lomwe."

Mawu amenewo ndimayenda nawo mpaka pano. Lero ndimagulitsa usipa, koma ndikaona mayi akugula kabotolo ka mwana, ndimamuuza kuti atembenuze kaye aone kuseri.

Titachoka kuchipatala kuja, mawa lake alamu anga, amene ndi asodzi, anasiya bwato n'kupita okha kwa Che Jafali. Anabwerako maso ali gwa pa ine. "Akuti iwo amapanga mafuta abwino. Akuti iweyo umathiramo zako panjira kuti achuluke." Achemwali anangomukokera mwana kutali ndi ine. Chimenecho chinandipweteka kuposa mbama.

Ndinapalasa kubwerera pa Boma dzuwa lili pamutu, osaima. Sindinalowere kukhomo. Ndinazungulira kuseri, kudzala kumene bwana ankatentha zinyalala okha, osalola kuti ine ndiwathandize. Ndinafukula phulusa ndi kamtengo. Munali timachubu tofinya mpaka kuphwatalala, tina topserera, tina tosapsa. Ndinatizindikira. Ndi mafuta aja oyeretsa khungu amene amagulitsidwa mobisa pansi pa tebulo, amene amayi ena akapaka nkhope imayera zala n'kukhala zakuda. Ndinadzaza jumbo.

Kukhonde ndinapeza Che Jafali akumwa tiyi, akazi awo ali pamphasa akusisita mwana wawo ndi mafuta a m'kapu muja. Mwanayo anali wakuda bwino, wosalala ngati biringanya. Amayi awiri anali pa kauntala kudikira mabotolo.

Ndinakhuthula jumbo pamapazi pawo. Anayang'ana timachubuto, kenako anaseka pang'ono.

"Ndiye watani? Amayi amafuna ana oyera. Ine ndimangowapatsa zimene akufuna. Tola zinyalala zakozo, usandichititse manyazi pamaso pa makasitomala."

Dzanja langa linali litakunga kale chibakera. Ndikanawamenya, nkhani ikanakhala ya mnyamata wamwano womenya bwana, ndipo ya mafuta ikanathera pomwepo. Ndinalowetsa dzanjalo m'thumba, n'kutulutsa botolo lija la achemwali. Ndinalitsegula, n'kuliika pamphasa pafupi ndi mwendo wa mwana wawo. Akazi awo anamunyamula msangamsanga n'kumufungatira. Amayi a pa kauntala aja anaona, mmodzi anabweza botolo limene anali atagwira.

Ndinati, "Che Jafali, mwauza alamu anga kuti mafuta anu ndi abwino. Ili ndi la m'sefuliya mwanu momwe. Mupakeni wanuyu pompano, amayiwa akuona, ndipo ine ndikagwada ku Nkope n'kuvomera kuti wothira ndine."