Apalira ndi nyemba zomwe

A Nangozo, mkazi wanga, lero chaka chakwana chitisiyireni. Munalowa m'chipatala ndi bala la pamwendo, lija munadzitema ndi khasu pokumba mbatata ku Ntengo-Wambalame. Balalo linapola. Chinakutengani ndi matenda otsegula m'mimba, amene anayenda bedi ndi bedi m'chipinda cha amayi. Enfermeira, namwino wa m'chipindamo, anatiuza mosabisa kuti mankhwala amphamvu amene anapulumutsa mwendo wanu amapha tizilombo toipa pamodzi ndi tabwino tosunga m'mimba, ndipo m'mimbamo mukatsala poyera, matenda a mnzako wa pambali amalowa msanga. Anati alipo mankhwala ena osasesa chotero, koma masiku amenewo kunalibe. Inu, diripi ya soro ili pamkono, milomo itauma, munaseka pang'ono n'kunena kuti, "Bambo a Zeka, ndiye kuti mankhwalawo apalira ndi nyemba zomwe. Akanakhala mwana wanu, mukanamuthamangitsa m'munda." Kumeneko kunali kuseka kwanu komaliza.

Tsopano nane chifuwa chandigwira, ndipo ana akuti ndikagonekedwe. Chipatala sindikana. Ndikafunsa dotolo kuti mankhwala amene akundipatsa ndi otani, ngati adzakhala nayo nthawi yoyankha nkhalamba yosaphunzira. Ana akuganiza kuti ndikuzengereza chifukwa cha mantha, ndipo ndawasiya aganize choncho. Inu nokha ndikuuzeni zoona, a Nangozo: kufa sindikuopa. Chimene sindikudziwa n'chakuti ndikachira, pakhomo pano ndibwerere kwa yani.