Makina Othyolera Tiyi Anadulitsa Mlamu Wanga Mkono

Inu owerenga, mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, lero ali ndi mkono umodzi chifukwa cha ine. Si ine ndinagwira chikwanje, koma ndine ndinamuika pamalo pomwe chikwanjecho chinamupeza. Ndikukuuzani nkhaniyi kuti inu amene muli ndi antchito musadzachite zomwe ndinachita ine.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Thyolo kudzagwira ntchito ya mu ofesi pa esiteti ina ya tiyi, ndipo ndinakwatira konkuno, kwa Mphuka. Nditapuma pantchito ndinayamba kulima tiyi wanga, m'munda wa kuchikazi ndi m'minda ina ya lendi, n'kumagulitsa masamba ku fakitale. Zinthu zinayenda bwino mpaka ndinalemba antchito ambiri othyola tiyi. Ambiri anali amayi a m'mudzi momwemo, anthu opemphera nawo tchalitchi chimodzi. Kapitawo wawo anali mlamu wangayo, a Namakhwa, munthu wofatsa amene ankadziwa wantchito aliyense ndi ana ake omwe. Pakabuka mkangano pa sikelo, iwo ankangolankhula nawo m'Chilomwe, anthu n'kuseka, nkhani n'kutha.

Kenako zinthu zinayamba kuvuta. Feteleza anakwera, mafuta anakwera, koma mtengo wa masamba ku fakitale unkayenda ngati nkhono. Ndinkaona kuti ndikapitiriza momwemo, bizinesi igwa. Nthawi yomweyo m'maesiteti akuluakulu munali mutafika makina othyolera tiyi, aja oyendera petulo, onyamula anthu awiri, thumba likukokedwa kumbuyo. Ndinakawaonerera ndekha. Mzere umene amayi angapo ankatha nawo m'mawa wonse, anyamata awiri ankangoumeta kanthawi kochepa. Ndinagulitsa ng'ombe zanga za ku Ntcheu, n'kuitanitsa makinawo kuchokera ku Blantyre. Atafika ndinawatsekera m'nyumba yosungiramo feteleza, n'kuwafunditsa lona.

Kugula makina sikunali kulakwa, ndipo mpaka lero ndimanena choncho. Kulakwa kwanga kunayambira pa lona uja.

A Namakhwa anandilangiza kuti ndiitanitse msonkhano, ndiwauze anthu chilungamo, ndiwapatse nthawi mpaka akolole chimanga, ndiponso kuti ana awo ndiwo ayambe kuphunzitsidwa makinawo. Ananena kuti anthu a kuno amapirira zambiri, koma chomwe safuna n'kuwapusitsa. Ine ndinakana. Ndinkaopa kuti akadziwa msanga adzayamba kuthyola mwachipongwe, kapena kuthawa ntchito anyamata a makina asanaphunzire. Ndinawauza alamuwo kuti iwo ndi kapitawo, za bizinesi andisiyire ine.

Mphekesera sizinachedwe. Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi, anandiimitsa mai Nakoma, mayi wamasiye amene anayamba nane kuthyola tiyi kuyambira pachiyambi. Anandifunsa mwaulemu ngati zinali zoona kuti ndabweretsa makina owalanda ntchito, poti anali ataitanidwa ku ntchito ina ku Luchenza ndipo ankafuna kudziwa chochita.

"Amayi, amenewo ndi makina opopera mankhwala," ndinawayankha. "Ntchito yanu palibe aikhudze."

Ndinanena zimenezi nditanyamula Baibulo m'manja, anthu ena akumva. Mai Nakoma anathokoza, ndipo ntchito ya ku Luchenza ija anaikana.

Mvula itakhazikika, tiyi ataphuka kwambiri, anyamata a makina amene ndinawatenga kwina anali atakonzeka. Imeneyo ndi nyengo yomwe m'nkhokwe mumakhala mulibe kanthu, ndipo mabanja ambiri amadalira tiyi yemweyo kuti agule ufa. Ndinkadziwa zimenezi. N'chifukwa chake ndinalibe mtima wokaima pamaso pawo. Ndinauza a Namakhwa kuti masana, anthu akamaliza kukweza masamba pa sikelo, awauze kuti kuyambira sabata yotsatira ambiri a iwo asabwerenso. Alamu anafunsa ngati ine ndikhalepo. Ndinati ndili ndi zochita ku banki ku Luchenza. Ndinawapatsa kiyi wa nyumba ya makina ija, n'kukwera galimoto.

Ku Luchenza sindinapite. Ndinazungulira munda n'kukaimika galimoto kumtunda, pansi pa mabulugamu, pomwe shedi ya sikelo imaonekera bwino. Ndinkafuna kuti mkwiyo uyambe waphwa, ine ndifike ngati munthu wodzatonthoza.

Ndinawaona alamu ataima pa shedi, chipewa chili m'manja, akulankhula. Kenako mayi wina anataya dengu lake pansi, masamba n'kumwazika. Ena anatsatira. Phokoso linafika mpaka pomwe ndinali. Uthenga unathamanga m'mudzi kudzera pa mafoni, ndipo posakhalitsa amuna ndi anyamata amene ankalambula m'mphepete mwa munda anatsetsereka, zikwanje zili m'manja. Gulu lonse linalunjika ku nyumba ya makina. A Namakhwa anathamanga n'kukaima pachitseko.

Ndinamva pambuyo pake kuti anthu ankafuna kiyi, iwo n'kumakana. Ankawachonderera m'Chilomwe kuti adikire mwiniwake, koma anthu ankawanena kuti agulitsa abale awo kwa mkamwini wobwera. Zomwe ndinaona ndi maso anga ndi izi: wina anawagenda ndi mwala pachipumi, iwo n'kugwada. Atadzuka, magazi ali chuchuchu kumaso, anatambasulanso manja pachitseko. Pamenepo mnyamata wina anakweza chikwanje. Alamu anatchinga mutu ndi mkono wamanja.

Inu owerenga, nthawi yonseyi injini ya galimoto inali yozimitsa, ine ndili phee pampando. Kuchokera pa mwala uja kufika pa chikwanje panali mpata woti ndikanafika. Ndinkangodziuza kuti aleka, ndi m'bale wawo, aleka. Ndinaliza galimoto nditaona mlamu wanga wagwa ndipo sakudzuka.

Sindinafike n'komwe pa nyumba ya makinayo. Miyala inaphwanya galasi lakutsogolo, ndipo anandikokera kunja ndi kolala. Anandimenya ndi mipini, ndi nsapato za jombo, ndi mbedza yachitsulo ija timakolekera madengu pa sikelo. Mano akutsogolo anathera pomwepo, nthiti zinathyoka. Ndili pansi m'matope ndinkaona nkhope za anthu amene ndinkadya nawo mgonero. Chitseko anachiphwanya, makina anawatulutsa, n'kuwathira petulo wanga yemwe. Utsi wakuda utakwera, anthu anandisiya n'kuthamangira kukaona moto.

Ndinakwawa kupita pomwe panali alamu. Ndinapeza mai Nakoma atagwada pambali pawo, atang'amba chitenje chawo n'kumanga mkonowo pamwamba pa chigongono kuti magazi asiye. Mkono unali utangotsala pang'ono kudukiratu. Mayiwo sanandiyang'ane. Anaitana mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto, n'kukwera okha kumbuyo atawagwirizira alamu. Madokotala ananena kuti chitenje chija ndicho chinapulumutsa moyo wawo, koma mkono sanathe kuusunga.

Apolisi anabwera madzulo ake n'kugwira anthu ambiri. Mnyamata wa chikwanje uja anali mwana wa msuweni wa a Namakhwa omwewo, ndipo pano ali kundende. Anagwidwanso mwana wamkulu wa mai Nakoma, poti ndiye anathira petulo. Iyeyo ndiye ankathandiza mayi akewo kulera azing'ono ake. Mayi amene ndinawanamiza, amene anapulumutsa mlamu wanga, anatsala opanda ntchito ndiponso opanda mwana wowathandiza pakhomo.

Ndili m'chipatala ndinauza aliyense kuti ndinali pobwerera kuchokera ku Luchenza. Koma kumunda kulibe chinsinsi. Panali amayi ena otola nkhuni amene anaiona galimoto pansi pa mabulugamu kuyambira m'mawa. Mkazi wanga atamva, anabwera pa bedi langa, n'kuika chakudya patebulo osakhala pansi.

"Bambo a Chisomo, munkaonerera achimwene akutemedwa?"

Anatuluka. Tikukhalabe nyumba imodzi, amandiphikira ndi kundichapira, koma kuyambira tsiku limenelo amangondilankhula zofunika zokha.

Nditatuluka m'chipatala ndinapita kwa a Namakhwa kukapepesa. Ndinawapeza pakhonde, mkazi wawo akuwamangira mabatani a malaya. Ndinalankhula zambiri, ndikulira. Iwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati:

"Alamu, mkonowu ndaupereka kwa Mulungu. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti mwana wa msuweni wanga ali kundende. Mwana uja anakulira pakhomo pano."

Anaitanitsa mpando kuti ndikhale, koma ine ndinalephera kukhala.

Munda uja tsopano wasanduka tchire. Tiyi akapanda kuthyoledwa amakula n'kukhala mitengo, ndipo palibe wa m'mudzi muno amene angavomere kundigwirira ntchito. Eni minda ya lendi anatenga minda yawo. Zochepa zomwe ndimapeza ndimagawana ndi banja la alamu, ndipo ndinayesa kutumiza chimanga kwa mai Nakoma, koma anachibweza.

Sindikunena kuti amene anatema munthu anachita bwino. Chikwanje sichinabwezere ntchito ya aliyense, ndipo makina akulirabe m'minda ya Thyolo muno, sabwerera m'mbuyo. Koma inu amene muli ndi antchito, kaya ndi pa munda, pa chigayo kapena mu shopu, nthawi ikafika yoti zinthu zisinthe, auzeni msanga, adakali ndi mpata wofuna kwina kolowera. Wantchito akakufunsani ngati ntchito yake ilipo, muyankheni zoona, ngakhale zikhale zowawa, chifukwa pa yankho lanulo akukonzerapo chakudya cha ana ake. Ndipo uthenga wochotsa munthu ntchito musatume nawo kapitawo, m'bale, kapena foni. Bizinesi ndi yanu, phindu munkadya ndinu. Kaimeni nokha pamaso pa anthuwo, akutukwaneni inuyo.