Anang'amba Pawiri Duwa la Malemu Bambo Anga

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye pa shopu ya mbewu, nditanyamula mphika wa maluwa ngati mwana wodwala.

Mumphikamo munali okidi, mtundu uja duwa lake limakhala ndi kathumba konga silipasi. Linali la malemu bambo anga. Atamwalira, mayi anandipatsa ine kuti ndizilisamala.

Wogulitsa anali mnyamata wamtali, anzake ankamutchula kuti Wandevu.

"Ndikufuna dothi ndi mphika waukulu," ndinatero.

Anasuzumira mumphika n'kupukusa mutu.

"Achemwali, mukufuna kulipha? Ili silikhala m'dothi, limafuna makungwa. Komanso saliwokera lili ndi duwa. Dikirani duwa lithothoke, mphukira yatsopano iyambe kutulutsa mizu. Mphikanso ukakula kwambiri madzi amakhalitsa, mizu imawola."

Duwa litathothoka Wandevu anabwera yekha kunyumba ndi thumba la makungwa. Tinayala nyuzipepala pakhonde, tinakhuthula makungwa akale amene anali atafumbutuka n'kuyamba kununkha, iye akudula mizu yowola ndi sizasi. Mng'ono wanga amene ndimakhala naye anangodutsa n'kuti, "Alamu, tiyi wa mkaka kapena wopanda?"

Apo n'kuti asanandifunsire n'komwe.

Anandifunsira sabata yomweyo, ine osavuta. Ankandidikirira pageti ya kuntchito, Loweruka tinkakolopa limodzi m'nyumba, ankadziwa ngakhale pamene ndimabisa shuga. Ndinkaona ngati Mulungu wandikumbukira.

Chaka chotsatira okidi uja anachita mphukira zambiri n'kumasula maluwa awiri nthawi imodzi. Ndinajambula n'kukuonetsani pompano, ena mukukumbuka.

Kenako kuntchito ananditumiza ku training, mng'ono wanga ali kusukulu yogonera komweko. Ndinamusiyira Wandevu kiyi kuti azithirira.

Pobwera ndinapeza mphika wachilendo pawindo, duwa limodzi lokha, masamba ali lende.

"Mphaka wa aneba anagwetsa, babe," anatero. "Mphika unang'aluka, mbali ina inaphwanyika. Ndapulumutsa zomwe ndikanatha."

Ndinalira, iye n'kumandisisita pamsana. Njoka imeneyi inandipukuta misozi ndi manja ake omwewo.

Patapita masiku, mtsikana wina mwa inu amene mumanditsatira anandilembera ku inbox, ndi chithunzi.

"Sis, inu mumadziwa za maluwa. Bae wanga anandipatsa ili pa birthday, ndinalithira dothi labwino koma likufota. Ndilisinthe mphika?"

Ndinakulitsa chithunzicho. Tsamba lina linali ndi chipsera cha dzuwa chimene ndinkachiona m'mawa uliwonse pawindo langa.

"Bae wanuyo amagwira ntchito kuti?"

"Pa shopu ya mbewu. Mukumudziwa?"

Ndinavala nsapato n'kulunjika kushopu kuja. Ndinamupeza akuyeza feteleza, makasitomala ali pamzere. Ndinamuika foni kumaso.

"Mphaka wako uja ndi ameneyu?"

Anayang'ana makasitomala aja. "Tiye tikalankhule kuseri..."

"Pompano. Unang'amba duwa la bambo anga lili ndi maluwa, ukudziwa bwinobwino kuti lifa. Unakapatsa ndani?"

"Ndi msuweni wanga chabe."

"Msuweni wako amakutchula bae?"

Mayi wina pamzere anaseka mpaka kugwira kauntala. Wandevu nkhope inasintha, manyazi anasanduka mwano.

"Iwe, ndi duwa chabe. Ukuchita ngati ndapha munthu. Shopu yonseyi yadzaza maluwa, sankha lina."

"Bweretsa kiyi wanga."

Anamuponya pakauntala. Ndinatola n'kutuluka.

Madzulo ndinamulembera mtsikana uja zonse. Ndinamupempha, ine mwini wake kupempha, kuti angondibwezera theka lija ndiyese kulichotsa m'dothi lisanawole.

"Mphatso sabweza, sis. Mwamuna akakusiyani muzingovomera."

Anandibloka.

Theka langa ndinayesetsa, anzanga. Ndinadula zowola, ndinagula makungwa atsopano kushopu ina, ndinalichotsa padzuwa. Koma polichotsa mumphika ndinaona kuti anachita kuthyola ndi manja mothamanga, mizu yambiri inapita ndi theka linalo. Masamba anachita chikasu limodzilimodzi. Lomaliza linagwa Lachiwiri.

Wina akandiuza kuti ndimukhululukire, ndimubloka nayenso. Chibwenzi chathacho sindikuchilira, akhale nazo ndevu zakezo. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndinamufotokozera za matenda a bambo, za mmene ankathirira duwali manja akunjenjemera, iye akugwedeza mutu ngati akumva.

Dzulo mayi anandiimbira foni. Tinacheza za mvula, za sukulu ya mng'ono wanga. Potsanzikana anafunsa, "Nanga duwa la bambo ako lamasula chaka chino?"

Ndinati netiweki ikuvuta, ndiimbanso.

Mpaka pano sindinaimbe.