Konirodi ya a Medson

A Medson Nampuluma sankatha kukhala pansi. Ngakhale m'tchalitchi mwendo wawo unkangogwedezeka ngati akupalasa njinga. Makolo awo anachokera ku Mozambiki n'kudzakhazikika kwa Mwambo, koma iwo khasu linawakanika, usodzi nawonso ayi. Anakalowa ntchito m'galaja ina ku Limbe, komwe anaphunzira kupala ndi kuyeza konirodi, chitsulo chija chimalumikiza pisitoni ndi shafiti m'kati mwa injini. Atangoidziwa bwino ntchitoyo, inawatopetsa, n'kubwerera kumudzi.

Anafika chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Pa Kachulu mabwato anangoti mbwee pamatope ong'aluka, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi. M'chaka chomwecho ndi m'mene a Medson anaganiza zoika injini m'boti.

Kuseri kwa sitolo ina kunali chigalimoto chakalekale chimene nkhuku zinkaikiramo mazira. Mwini wake anawauza kuti angochotsa zimene akufuna. Atamasula injini, anapeza konirodi imodzi itapindika, kukamwa kwake kogwira shafiti kutadyeka.

"Bambo a Sophia, madzi ake ali kuti?" anafunsa akazi awo, a Elenala. "Anzanu akudzala mpunga kudambo, inu muli ndi zitsulo."

"Madzi abwera. Akadzabwera andipeze ndakonzeka."

Anakulunga konirodiyo m'chitenje, n'kuika khadi la chipani m'thumba la malaya, ulendo wa ku Limbe. Kugalaja kuja mnzawo wakale, Yusufu, anawabwereka makina nthawi ya nkhomaliro. A Medson anaiwongola konirodi ija, anathira chitsulo chofewa kukamwa kuja, n'kuyamba kupala. Akapala pang'ono ankayeza, akayeza ankapalanso, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, ingobwererani kuno. Malo anu alipo," anatero Yusufu.

A Medson anayang'ana makinawo mosirira, koma madzulo anakwera basi ya ku Zomba.

Tsiku loyamba kuiliza, injini inagogoda ngati munthu akusinja. Anaimasula, n'kupeza kuti anapala mopitirira. Anabwereranso ku Limbe, ulendo uno atagulitsa njinga. A Elenala anakhala sabata osawayankhula.

Mvula itagwa yamphamvu, madzi anayamba kubwerera. Boti limene anaikamo injini ija linalowa m'nyanja, a Jafeti, mchimwene wa a Elenala, atagwira chiwongolero. Anthu anathamangira kudoko kudzaona. Injini inalira mosalala mpaka ku Chisi, ndipo pobwerera ananyamula amayi a nkhuni ndi mbuzi ziwiri. Aliyense ankaseka, kupatula a Medson. Anakhala kumbuyo, khutu lili painjini, kudikira kuti igogode. Sinagogode.

Mwezi usanathe a Medson anayamba kudzuka m'mawa n'kumangozungulira nyumba. Kenako anamva kuti kuminda ya nzimbe ku Chigwa cha Shire kwafika mathirakitala.

"Mayi a Sophia, ndimati ndikangoona."

A Elenala anapitiriza kupeta mpunga. "Pitani. Koma masipanala musiye, ndipo musanapite mundionetse pothira oyilo."

Anawaonetsa, napita. Botilo linayenda zaka zambiri m'manja mwa a Elenala ndi a Jafeti, ndipo ndi limene linaphunzitsa Sophia mpaka sekondale. A Medson ankabwera pa Khirisimasi, nthawi zina kuchokera kunzimbe, nthawi zina kunjanji, kamodzi kuchokera ku Lilongwe komwe ankamanga likulu. Anamwalirira ku Balaka, akukonza chigayo cha munthu wina, ndipo maliro awo anabwera pa lole ya nsomba.