Esnati watsekera anamwino panja

Moni nonse abale.

Andiuza ndi Mai Tendai oyandikana nafe: "Mbuya, thamangani, mtsikana wanu wa ku Malawi watsekera panja anamwino oyendera makanda!"

Ndi Esnati uja wachira Lolemba, mwamuna ali ku Joni. Atangoona yunifolomu ndi kabuku, wayesa ndi a imigireshoni. Wangodzitsekera m'nyumba, khanda likulira poti silimayamwa bwino.

Ine kugogoda: "Tsegula mwanawe, awa safuna pasipoti, akufuna kuona mchombo!" Anamwinowo kuseka mpaka misozi.

Atatsegula, amuonetsa kagwiridwe ka mwana poyamwitsa, mwana wayamwa mpaka kugona. Ambuye ngabwino! Anamwinowo abweranso Lachisanu.

Esnati alibe m'bale kuno. Bwanji tizimuyendera mosinthana? Muwakumbukire m'mapemphero, iye ndi kamwanako.