Tsiku Limene Ndinatchula Dzina la Yosefe

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene matenda a kolera anafika kwathu ku Msakambewa. Linali dzinja, chimanga chikumasula, ndipo munthu amene mwapatsana naye moni m'mawa, mawa lake mumamva kuti akumukumbira manda. Boma linatseka msika, sukulu ndi tchalitchi chathu chofolera udzu. Bambo anga, amene anali mkulu wa mpingo, anapachika kiyi pamsomali, ndipo kwa milungu ingapo belu silinalire.

Kenako kunamveka kuti kukubwera alendo akuluakulu a boma. Tcheyamani wa chipani m'dera lathu anali mng'ono wawo weniweni wa bambo, a Gidiyoni, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anasonkhanitsa anthu n'kulengeza kuti matenda atha, boma lawagonjetsa, ndipo Lamulungu tonse tikathokoze m'tchalitchi. Wonena kuti matenda akadalipo, anatero, ameneyo ndi woukira. Masiku amenewo mawu oti woukira sankafuna umboni. Galimoto inkangobwera, munthu n'kupita, abale ake n'kuleka kumutchula.

Mpingo unagawikana. Ena ankati kutseka nyumba ya Mulungu n'kusowa chikhulupiriro, ena ankanong'ona kuti kutsegula n'kumuyesa Mulungu. Koma kunena zoona, aliyense ankangoyang'ana amene waima ndi tcheyamani ndi amene sanaime naye. Anthu oimba kwaya imodzi anayamba kuzembana panjira, ndipo bambo ndi mng'ono wawo analeka kupatsana moni.

Loweruka mlongo wanga Yosefe, wa zaka zitatu, anayamba kutsegula m'mimba. Ankangotulutsa madzi okhaokha, oyera ngati otsukira mpunga. Pofika Lamulungu m'mawa maso ake anali atalowa m'kati, akulira popanda misozi. Kupita naye kuchipatala kunkafunika ngolo, ndipo ngolo m'mudzi monse inali imodzi, ya a Gidiyoni. Amayi anamugoneka kuchipinda, n'kutchinga zenera ndi chiguduli, kenako anandigwira khutu.

"Esinati, ukakatsegula pakamwa pakopo kutchalitchiko, wapha bambo ako. Wamva?"

Ndinamva ndithu. Ine ndinabadwa wolongolola, koma m'mawa umenewo ndinayenda njira yonse pakamwa pali pouma.

M'tchalitchi munadzaza. Anyamata a chipani anaima pakhomo ndi ndodo zawo, akuyang'ana amene wabwera ndi amene wajomba. A Gidiyoni anakhala kutsogolo. Nyimbo zinkatuluka mokoka, ngati oimbawo agona ndi njala. Mumpingo wathu munali mwambo woti pemphero lalitali lisanayambe, mkulu wa mpingo afunse mayina a odwala kuti atchulidwe mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu. Bambo akanatha kuulumpha mwambowo, palibe akanawadzudzula. Koma anaimirira n'kufunsa:

"Abale, alipo odwala oti tiwapempherere?"

Kunangoti zii. Ndinkamva madzi akudontha kuchokera kudenga. M'mutu mwanga mwachibwanamo munali ganizo limodzi lokha: Yosefe akapanda kutchulidwa, Mulungu sadziwa kuti akudwala. Zimenezo zinandiopsa kuposa ndodo za pakhomo zija. Ndinaimirira pakati pa ana anzanga.

"Yosefe wathu. Akutsegula m'mimba."

Bambo anatsinzina. Mnyamata mmodzi wa pakhomo anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumene ndinaima. Asanafike, kumbali ya azimayi kunamveka mawu, mayi wina akutchula amuna ake. Wina anatchula apongozi ake. Mayina anangotsatizana, mnyamata uja n'kuima pakati panjira, osadziwa woyamba kumugwira. Omaliza kuimirira anali mayi anga aang'ono, akazi a a Gidiyoni, atadziphimba kumaso ndi mpango.

"Ndi Malita wathu yemwe. Chiyambire Lachisanu."

A Gidiyoni sanacheuke. Bambo anapempherera onsewo, dzina ndi dzina. Masana omwewo ngolo ija inatsika zitunda kupita kuchipatala cha mishoni itadzaza odwala, a Gidiyoni eni ake akukusa ng'ombe. Yosefe anachira. Malita, mwana wa a Gidiyoni, mnzanga amene tinkatunga naye madzi, anamwalira panjira.

Lachitatu galimoto inabwera kudzatenga bambo, pa mlandu woti anafunsa funso lonyozetsa boma. Amene anakawanenera sitinamudziwe. Mpaka lero ndimakana kuganizira bambo aang'ono, ngakhale mtima umandikokera komweko. Bambo anabwerako patatha chaka ndi miyezi, mano ali osakwanira, akumva khutu limodzi. Ndinagwada n'kuyamba kulira, ndikupepesa.

"Dzuka, mwanawe," anatero. "Anafunsa ndine. Iwe unangoyankha."

Mliri wa posachedwapawu utabwera, ndinaonanso Akhristu akukangana za kutsegula matchalitchi, aliyense akulankhula motsatira nsalu ya chipani imene ali nayo m'sutikesi. Sindibisa, ndinapsa mtima. Tsopano ndikumvetsa kuti tsiku lija, a mbali iyi ndi a mbali inayo, ambiri tinali titasiya wodwala kunyumba, ndipo tinkaopana tokhatokha. Tchalitchi chimene anthu akuopa kutchulamo odwala awo chikadali chotseka, ngakhale belu lilire chotani. Malita anayamba kudwala Lachisanu. Pakanapezeka wamkulu mmodzi wolankhula tsiku lomwelo, bwenzi lero tikukalamba naye limodzi.