Tinakazonda Abwana Osadwala

Ku Hout Bay, kudziko la eni kuja, ndinkakolopa m'nyumba ya adona ena ophunzitsa ku yunivesite. Ntchito yawo inali yoyeza anthu, osati pa sikelo ayi, koma mmene amasiyanitsira chabwino ndi choipa. Ankati chikumbumtima chimakula ngati kukwera makwerero: ena amathera pansi, ongoopa chikwapu, ena amafika pamwamba. Ine ndinkangoti eya, uku ndikupukuta mawindo.

Chaka china adonawo anabereka mwana wamkazi, ndipo ankafuna womulera. Inali ntchito ya masiku onse, ya chipinda chogona pomwepo. Ine ndinkachokera ku Wallacedene, kusinthasintha matakisi mpaka msana kuuma, ndiye ntchitoyo ndinaifuna ndi mtima wonse. Adona anati ayambe andiyeza kaye.

Anandikhazika pampando wa alendo n'kundipatsa tiyi, zimene anali asanachitepo. Kenako anatsitsa mawu.

"Pali mayi wina," anatero. "Dokotala wamuuza kuti mwamuna wake ali ndi matenda osachiritsika, koma mwamunayo sakudziwa. Amuuze kapena abise?"

Ndinaika kapu ya tiyi pansi. Kwathu munthu akayamba ndi "pali mayi wina," mayi winayo ndi iye amene. Ndani amavula pagulu? Ndinasuzumira panja, n'kuona abwana, amuna awo a adona, akupopa njinga yawo, atavala kakabudula kothina kaja, akuimba mluzu, osadziwa kanthu. Misozi inalengeza.

"Pepani, adona," ndinatero. "Mulungu alipo."

"Koma amuuze?"

"Zisiyeni m'manja mwathu."

Matenda sazonda munthu mmodzi. Loweruka ndinafika ndi amayi a kumpingo kwathu, takisi yodzaza, titanyamula malalanje, mandimu ndi jinja. M'njira ndinali nditawachenjeza kuti mwiniwake sakudziwa, aliyense agwire pakamwa.

Tinapeza abwana akungofika kopalasa njinga, atafiira ngati tomato, thukuta kamukamu. Amayi otsogolera gulu lathu anandinong'oneza, "Mwaliona thukutalo, asisi? Shame, zafika patali."

Tinawagoneka pasofa, kuwavula nsapato, kuwafunditsa chitenje. Ife tinakhala pansi, mipando ili mbwee. Abwana anafunsa m'Chingerezi kuti kwagwanji.

"Nothing, bwana," anayankha otsogolera aja. "Timangodutsa."

Kungodutsa kuchokera ku Wallacedene! Tinayamba nyimbo motsitsa. Mayi wina wakumpoto anapemphera m'Chitumbuka, osatchula matenda, kumangozungulira ngati mbuzi pachingwe. Abwana, poti anali munthu waulemu, anamwa jinja yense. Atatsokomola, tonse tinayang'anizana, ndipo wina anayamba kufwenthera. Apa abwana anayamba kudzigwiragwira m'khosi. Adona atatsika ndi mwana kuchokera m'chipinda cham'mwamba, abwana anawafunsa kuti dokotala ananena chiyani chimene iwo sanauzidwe.

Adona anandiyang'ana, kenako anayang'ana malalanje, n'kukhala pansi. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti kulibe mayi, kulibe mwamuna, kulibenso dokotala. Inali nkhani yongopeka, yomwe amafunsa aliyense kuti amve zifukwa zimene munthu angapereke.

"Ndiye mwangopeka matenda?" anafunsa otsogolera aja. "Ndi pakamwa panu pomwe, mwamuna ali m'nyumba? Kumeneko n'kulaula, madamu."

Pobwerera m'takisi palibe anandilankhula. Malalanje tinawasiya, poti chimene wapatsa wodwala sulanda, ngakhale atachira msanga chotani.

Lolemba adona anandiitana. Anati mtima ndili nawo wabwino, koma funso sindinayankhe, choncho sakudziwa pondiika pamakwerero paja. Anatinso munthu amene wamva chinsinsi n'kubwera nacho ndi takisi yodzaza, iwo akuopa kumusiyira mwana. Pamenepo sananame, chifukwa takisiyo inalidi yodzaza.

Ntchito inapita kwa mtsikana wina amene anayankha bwino, ndi zifukwa zake zomwe. Zinandipweteka, sindibisa. Ndinapitiriza kukolopa, ndikumva kamwana kaja kakuseka kumsana kwa wina, madzulo n'kumathamangira takisi ngati kale. Abwana ankandipewa, koma ndinamva kuti anakayezetsa thupi lonse kuchipatala.

Lero ndikudziwa kuti inali nkhani chabe, anandifotokozera kawiri konse. Komabe popemphera ndimapezeka ndamutchula mayi uja, amene wasenza yekha nkhani yotere, anthu ophunzira n'kumangomufunsira mafunso, osapita n'komwe kukamuona.